Maola 12 Amene Ndinalonjeza Bambo

Pa khonde

Tsiku lomwe ndinapita kumudzi kukatsanzika, mu 2013, bambo anandifunsa funso limodzi lokha. Sanafunse za malipiro, sanafunsenso za chisanu chomwe aliyense ankandiopseza nacho. Tinali pa khonde madzulo, iwo atakhala pa mpando wawo wa ndalema, wailesi ili pamiyendo monga mwa masiku onse. Anaichepetsa mawu n'kunena kuti, "Amayi, kumene mukupitako n'kutali bwanji?"

Ankanditchula amayi chibadwire changa, chifukwa dzina langa ndi la mayi awo, agogo amene ine sindinawaone.

Yankho ndinali nalo kale, pakuti ndinali nditatha sabata yathunthu ndikuyang'ana matikiti pa intaneti. Ndinati, "Si kutali ayi, bambo. Ndi maola 12 okha. Mukandiimbira usiku, mawa lake masana ndili pano." Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenaka anagwedeza mutu n'kukwezanso wailesi ija. Ine ndinayesa kuti mtima wawo wakhala pansi.

Kwa zaka 6 mawu amenewa ndinkawabwereza. Ndinkawauza mayi akayamba kudandaula pa foni, ndinkawauza achemwali anga, ndinkadziuzanso ndekha ndikamachokera ku ntchito ya usiku ku Leeds, m'dziko la England, kunja kuli mdima, zala zitauma ndi kuzizira. Sindinkanama. Ndinkakhulupirira ndi mtima wanga wonse, ndipo manambala ankandivomereza.

Zomwe mapu amanena

Ukakoka chingwe kuchokera ku London kukafika ku Lilongwe pa mapu ozungulira aja, umapeza makilomita pafupifupi 8,000. Ndege zikuluzikulu za masiku ano zikakhazikika m'mwamba zimathamanga makilomita pakati pa 850 ndi 900 pa ola. Ndiye ikanakhalapo ndege yonyamuka ku Heathrow, bwalo la ndege la ku London, osatera pena paliponse mpaka pa bwalo la ku Lumbadzi, bwenzi ulendo wake uli wa maola ngati 10, kuphatikizapo nthawi yokwera ndi yotsika.

Koma ndege yotero kulibe. Ife amene timakhala kuno njira zake timazidziwa ngati njira ya kuchitsime: udzere ku Addis Ababa, kapena ku Nairobi, apo ayi upitirire kwanu mpaka ku Johannesburg n'kuchita kubwerera m'mbuyo. Ine ndinazolowera ya ku Addis. Kuchoka ku London kukafika kumeneko ndi makilomita pafupifupi 5,900, maola 7 ndi theka kapena 8, usiku wonse. Kuchoka ku Addis kukafika ku Lilongwe ndi makilomita ngati 2,600, maola osakwana 4. Ukaphatikiza, mlengalenga umakhalamo maola 11 ndi theka. Ine ndinkangowonjezerapo pang'ono kuti akwane 12.

Wotchi nayo inkathandizira kundiiwalitsa. Malawi ali patsogolo pa England ndi ola limodzi lokha m'nyengo yotentha ya kuno, ndi maola 2 m'nyengo yozizira. Anzanga a kuntchito ochokera ku Philippines amachita kuwerengetsera nthawi yoimbira kwawo, chifukwa iwo akamadzuka ana awo amakhala akuweruka kusukulu. Ine ndikamadya chakudya chamadzulo, mayi nawonso amakhala akuphula nsima. Dzuwa lathu linali limodzi, ndiye ndinkaona ngati kwathu ndi kuseri kwa phiri basi.

Chimene sindinachiwerengere n'chakuti ndege sinyamuka pa nthawi yomwe foni yalira.

Lachiwiri usiku

Munali mkati mwa Okutobala 2019. Ndinali nditangovula yunifolomu, tiyi ali pa tebulo, nthawi ili 10:40 usiku. Nditaona kuti akuimba ndi achemwali, m'mimba munabwadamuka, chifukwa kumudzi pa nthawi imeneyo anthu amakhala atagona kalekale. Sanapereke moni. Anangoti, "Bambo atisiya." Kumbuyo kwawo ndinkamva mawu a mayi.

Sanadwale nthawi yaitali. Madzulo anadandaula pachifuwa, anadya pang'ono, anakagona. Pomwe anyamata ankathamangira kukasaka galimoto, zonse zinali zitatha.

Sindinalire nthawi yomweyo. Ndinatsegula kompyuta. Ndege ya ku Addis ya usiku umenewo inali itanyamuka cha m'ma 9 koloko, ndipo pa nthawi yomwe ndinkayang'ana inali kwinakwake pamwamba pa Ulaya, ikulowera kummwera popanda ine. Ngakhale ikanakhala kuti ikadali pansi, Leeds ndi Heathrow zatalikirana makilomita oposa 300. Ndinafufuza njira zonse mpaka mbandakucha. Zina zinkafika Lachisanu. Imodzi yomwe ikanandifikitsa Lachinayi m'mawa inalibe malo. Yotsala inali ya Lachitatu usiku, yofika ku Lilongwe Lachinayi masana. Tikiti yake inadya pafupifupi malipiro anga onse a mwezi, ndipo ndinalipira osaganiza kawiri.

Apa ndi pomwe maola 22 oyamba anapita, ndisanaponde n'komwe pa khomo la ndege.

Lachitatu m'mawa Amalawi a mumzinda wathu anayamba kufika. Nyumba yanga ndi yaing'ono, ena anakhala pansi, ena pa masitepe. Anaimba nyimbo ziwiri zitatu motsitsa mawu kuopa kusokoneza oyandikana nawo, anasonkha chipepeso m'envulopu. Bambo wina wachikulire wa kumpingo kwathu, amene anabwera kuno kalekale, ndiye anandiperekeza kokwerera basi ya ku Heathrow. M'njira anandiuza kuti m'zaka za m'ma 1970 Air Malawi inali ndi ndege yake ya mtundu wa VC10 yomwe inkanyamuka ku Chileka mpaka ku London, dzina la dziko lathu litalembedwa m'mbali. Ankafotokoza monyadira, koma ine zinandiwawa. Ndinaona kuti pa zaka 40 zimenezo dziko lonse lapansi lakhala likuyandikirana, koma kwathu kokha kwasunthira kutali.

M'chikwama ndinaikamo zitenje ziwiri, duku lakuda, ndi nsapato zachikopa zofiirira, saizi 8, zomwe ndinawagulira bambo mu Ogasiti kuti ndidzawapatse pa Khirisimasi. Sindikudziwa chifukwa chake ndinazitenga. Manja anangozinyamula.

Pansi pa khoma ku Bole

Tinatera pa bwalo la ndege la Bole ku Addis kukucha, nthawi ya kumeneko isanakwane 7 koloko. Ethiopia ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, ndiye kumudzi inali isanakwane 6. Ndege ya ku Lilongwe inali ya 10 koloko. Foni inali itatsala pang'ono kuzima, ndipo soketi yokhayo yomwe ndinapeza yopanda munthu inali m'munsi mwa khoma, pafupi ndi bini. Chingwe changa ndi chachifupi. Ndinakhala pansi pomwepo, miyendo nditatambalala ngati ndili pa mphasa, anthu akundilambalala ndi zikwama zawo zamatayala.

Itangolumikizika ku intaneti, foni inalira. Nambala inali ya achemwali, koma mawu anali a bambo aang'ono. Ndinadziwa kuti aima pa chulu cha kuseri kwa khola, pakuti m'mudzi mwathu netiweki imagwira pokhapo.

"Amayi, mwafika pati?" Nawonso amanditchula choncho, poti mayi wawo ndi yemweyo.

"Ndili ku Ethiopia, bambo. Ku Lilongwe nditera cha m'ma 1 koloko. Kumudziko ndifika cha m'ma 5."

Anakhala chete. Chapatali ndinkamva amayi a Chigwirizano akuimba, mawu awo atasasa chifukwa chochezera mausiku awiri, ndi tambala akulira pafupi penipeni ndi foni.

"Amayi, kunoku kwatentha," anatero. "Okutobala wa kunyanja kuno mukumudziwa. Akuluwa agona m'nyumba muja mausiku awiri tsopano. Adzukulu alawirira, pofika 10 koloko akhala atamaliza. Amfumu akuti timve kwa inu. Mukati tidikire, tidikira, tiika mawa. Koma amayi anu akuvutika kukhala m'nyumba muja."

Liwu lenilenilo sanalitchule, ndipo panalibe chifukwa choti alitchule. Ndine namwino. Ndikudziwa zomwe thupi limachita likakhala maola opitirira 30 m'nyumba ya malata, m'dera lomwe masana ngakhale nkhuku zimayasamula kukamwa pansi pa nkhokwe. Lachitatu anakambirana zokawasungitsa ku chipatala cha kuboma, koma mayi anakana, chifukwa bambo ananena kangapo ali moyo kuti sadzafuna kutulutsidwa m'mudzi mwawo kukagona m'firiji. Ndipo 5 koloko yanga ija inali ya pakamwa chabe. Chikwama chikachedwa, tayala likaphulika m'njira, ndiye kuti mdima wagwa, ndipo kwathu maliro saika usiku.

Ndinakwiya. Ndikulemba izi moona mtima: ndinawakwiyira bambo aang'ono. Mumtima ndinkati, akuluakulu adzaza mudzi wonse, amfumu alipo, abusa alipo, nanga bwanji katundu ameneyu akumusenzetsa ine, mwana, ndili pansi m'dziko la eni? Bwanji osangoika n'kudzandiuza pofika kuti sitikanachitira mwina? Ndikanalira, ndikanawadandaula, koma mawuwo sakanakhala anga.

Ndinayang'ana pa bolodi lalikulu lolembapo maulendo. Mayina a mizinda ankasinthasintha, Lagos, Kinshasa, Lusaka, Harare, Lilongwe, uliwonse ndi nthawi yake. Ndinawerengetsanso kachitatu ngati kuti mwina ndinalakwitsa penapake. Maola 3 pano, pafupifupi 4 mlengalenga, limodzi pa bwalo, pafupifupi 4 pamsewu. Palibe pomwe ndikanadulapo.

Ndinaganiza za mayi atakhala pa mphasa m'mbali mwa bokosi, chitenje chili kumphuno, akuchita manyazi pamaso pa anthu obwera kudzapepesa, chifukwa cha mwamuna amene moyo wake wonse sankatuluka m'nyumba asanasite malaya.

"Ikani, bambo," ndinatero. "Musandidikire."

"Bwerezaninso, amayi, netiweki inadula."

Ndinabwereza. Kachiwiri kameneka ndi komwe kanandithyola.

"Mwatimasula, amayi. Mulungu akuyendetseni bwino." Foni inaduka.

Mayi wina wokolopa, wa ku Ethiopia komweko, anaima patsogolo panga. Sitinamvane chilankhulo. Anapita, anabwera ndi kabotolo ka madzi, n'kundigwira paphewa kamodzi, kenaka anapitiriza ntchito yake, akukolopa mozungulira pomwe ndinakhala kuti asandidzutse.

Zenera la kumanzere

Mpando wanga unali wa pazenera, mbali ya kumanzere. Pa kanema wa kumbuyo kwa mpando wa kutsogolo panali mapu aja okhala ndi kandege kakang'ono koyenda pang'onopang'ono ngati nyerere. Ndinakayang'anitsitsa ulendo wonse. Tinatuluka mu Ethiopia, tinadutsa Kenya, tinalowa mu Tanzania. Manambala ankasinthana pansi pake: kutalika kwathu kuchokera pansi mamita opitirira 11,000, kuzizira kwa kunja kuposa madigiri 50 pansi pa ziro, maola otsala 2, ola limodzi ndi theka, ola limodzi. Achemwali anali atandilembera ndisanakwere kuti bokosi lituluka m'nyumba 12 koloko.

Amene anayendapo njira imeneyi masana akudziwa kuti ndege ikachoka m'malire a Tanzania imatsata nyanja yathu kulowera kummwera, kenaka n'kupatukira kumtunda kuti ikatere ku Lumbadzi. Ndinali nditadutsapo kangapo, ndipo nthawi zonse ndinkasangalala ndikaona madzi, n'kumajambula ndi foni. Sindinaganizepo kuti njirayo imadutsa pati kwenikweni.

Nthawi itadutsa pang'ono 12 koloko ya ku Malawi, injini zinachepetsa phokoso, makutu anayamba kutseka. Kunja kunali chifunga cha Okutobala chija, chosakanikirana utsi wa moto wolusa ndi fumbi. Koma nyanja inkaoneka, yotuwa ngati lata, ndipo m'mphepete mwake ndinazindikira kupindika kwa gombe la Nkhotakota. Patsogolo pang'ono, kathamanda kosiyana ndi nyanja yaikulu, kolumikizana nayo ndi kakhosi kakang'ono: Chia. Kwathu ndi kummwera kwa pamenepo, chakufupi ndi Benga.

Mudzi sindinauone. Kuchokera m'mwamba muja midzi yonse ndi timadontho tofanana, ndipo pena ndi pena lata limang'anima n'kuzimiririka. Koma ndinadziwa kuti pansi pa chifunga chimenecho, makilomita mwina 30 kapena 40 kuchokera pa zenera langa, anyamata anyamula bokosi, amayi ovala zoyera ali pamzere kutsogolo, ndipo mayi anga akuyenda atagwiriziridwa mbali zonse ziwiri. Ndinaika chikhatho pa galasi. Linali lozizira ngati mwala wa m'madzi.

Ndinayenda makilomita opitirira 8,000 n'kudutsa m'mbali mwa maliro a bambo anga pa nthawi yake yeniyeni, nditamangidwa lamba, pa liwiro loti pakutha pa mphindi 3 nyanja inali kumbuyo.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti m'zaka za 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya ku Britain ya BOAC, zochokera ku Southampton kupita ku South Africa, zinkatera pa nyanja yomweyi, ku Cape Maclear. Ulendo wake unkatenga masiku angapo, anthu akugona m'njira. Nditamva zimenezi ndinakumbuka maganizo omwe anandibwerera pa zenera paja, maganizo a mwana wamng'ono: bwanji osangotera pamadzipa, ndikwere bwato, nditsale pompano?

Kuchokera pamenepo kukatera pa Kamuzu International Airport sipanathe mphindi 20. Kubwerera pamalo omwewo kudzera pansi kunanditengera maola pafupifupi 5.

Nthambi pamsewu

Msuweni wanga anali akundidikira ndi galimoto yobwereka. Sitinalankhulane zambiri. Tinatenga msewu wa M14, kutsika zitunda zija mpaka ku Salima, kutentha kukuwonjezereka pa kona iliyonse. Kenaka M5 kulowera kumpoto, kudutsa Khombedza, uku tikuzemba maenje ndi njinga za makala. Mtunda wonsewo sukwana makilomita 200. Ndege ikanaumaliza m'mphindi zosakwana 15.

Titapatuka pa tala, tinayamba kukumana ndi anthu akubwerera kwawo, amayi atasenza mabeseni opanda kanthu, abambo akukankha njinga. Ankaima m'mbali n'kuyang'ana m'galimoto, ena n'kuwerama pang'ono atandizindikira. Pafupi ndi mudzi, nthambi za masamba zomwe amaika pamsewu posonyeza kuti pali zovuta zinali zikadali pomwepo, koma zitafota, zitapondedwapondedwa. Nthawi inali 5:30.

Za kulira kwa pa khomo sindilemba.

Kumanda munthu sangolowa yekha. Amfumu analoleza, ndipo adzukulu awiri anandiperekeza dzuwa lisanalowe, pamodzi ndi achemwali. Dothi la pa mtumbira linali likadali lofiira, la pansi, losiyana ndi lozungulira, ndipo mapazi a anthu anali paliponse. Nkhata zinali zitayalidwa kale. Mmodzi mwa adzukuluwo anapita kuseri kwa mtengo n'kutulutsa nkhata ina yomwe anaisunga pamthunzi, yokutidwa ndi tsamba la nthochi kuti isafote. Anati, "Iyi ndi yanu. Dzina lanu linaitanidwa, ndiye tinaisunga."

Kalata ya ku Joni

Usiku umenewo, anthu atachepa pa siwa, bambo aang'ono anandiitanira pamoto. Mkwiyo wa ku Bole uja unali usanathe, ndipo ndikuganiza kuti anauona. Anakhala nthawi akusonkhezera chikuni, kenaka anayamba nkhani yomwe ndinkaidziwa theka lokha.

Ndinkadziwa kuti bambo anapita ku migodi ya ku Joni ali mnyamata, mu 1972, kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za ku migodiko. Ankakonda kufotokoza kuti iwo anakwera ndege ine ndisanabadwe: ndege ya Wenela inkawanyamula kuno kukawatula ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo kuchokera kumeneko ankakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Johannesburg. Ndinkadziwanso kuti anabwerako pambuyo pa ngozi ya mu Epulo 1974, pomwe ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha anthu opitirira 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito za ku migodi.

Chomwe sindinkachidziwa bwino ndi cha 1973. Agogo, eni dzina langa, anamwalira chaka chimenecho bambo ali pansi pa nthaka ya eni. Kalata analemba ndi bambo aang'ono omwewa, ali mwana wa sukulu, akuluakulu akuwauza zolemba. Inayenda masabata angapo. Pomwe bambo ankaitsegula ku komponi, tsitsi la omwe anameta pa malirowo linali litameranso. Atabwera kumudzi, pa mtumbira panali patamera udzu, ndipo anachita kulozeredwa kuti amayi anu ali apa.

"Ndiye tsiku lija munabwera kudzatsanzika," anatero bambo aang'ono, "mutachoka, akuluwa anabwera kwanga. Anati, amayi akuti ndi maola 12. Akuyesa kutalika ndi ndege. Ine sindinafune kuwatsutsa, ulendo ungawawawe. Koma tsiku langa likadzafika iwo ali kumeneko, sadzafika pa nthawi yake, ndikudziwa. Ndiye musadzandisunge mpaka kunyansa. Koma musadzaikenso musanawafunse. Mudzawaimbire, mawu adzatuluke m'kamwa mwawo. Ine pa maliro a mayi anga palibe anandifunsa."

Anatembenuza chikuni chija. "Ndiye ndinakwera pa chulu paja m'mawa chifukwa ndinatumidwa, amayi. Ndinkadziwa kuti ndikukupwetekani."

Ndinakhala kakasi. Maola onse aja, kuchokera pansi pa khoma ku Bole, ndinkaona ngati andisenzetsa mwala. Koma bambo anali atakonza zaka 6 m'mbuyomo njira yokhayo yomwe mwana wawo wa kutali akanakhalira nawo pa maliro awo. Thupi langa silikanafika, iwo anawerengetsa bwino kuposa ine ndi intaneti yanga. Chomwe chikanafika pa nthawi yake ndi mawu. Bokosi lija silinatuluke m'nyumba mpaka ine nditanena kuti lituluke.

Maola 42

Nditabwerera ku Leeds ndinakhala pansi ndi pepala n'kuwerengetsa bwinobwino. Kuchokera pomwe foni inalira Lachiwiri usiku kufika pomwe ndinatsika galimoto pa khomo la mayi Lachinayi madzulo, panadutsa maola 42, kuchotsapo mphindi zochepa. Mwa amenewa, a mlengalenga anali 11 ndi theka okha. Opitirira 22 anathera kudikira ndege yoyamba, kuphatikizapo basi ya maola 5 yopita ku Heathrow. Opitirira 3 anathera ku Addis. Otsalawo anathera pa mzere wa mapasipoti, podikira chikwama, ndi pamsewu wa kunyanja. Gawo lomwe ndinkalitchula kuti ulendo linali laling'ono kuposa magawo ena onse pamodzi, ndipo ndilo lokhalo lomwe makompyuta amakuonetsa ukafunsa kuti London ndi Lilongwe zatalikirana bwanji.

Ngakhale maola a mlengalengawo si okhazikika. Mphepo ya m'mwamba imatha kuwonjezera kapena kuchotsa mphindi zingapo. Ndipo chiyambireni nkhondo ya ku Sudan mu Epulo 2023, ndege zomwe kale zinkadutsa pamwamba pa dzikolo zakhala zikulambalala, ndiye ulendo wa ku Addis unatalikirako. Ndinaziona ndekha pa kamapu kaja ulendo wina, kandege katapatukira chakum'mawa, ku Nyanja Yofiira, m'malo molunjika kummwera. Nkhondo ya anthu omwe sindiwadziwa inawonjezera mtunda pakati pa ine ndi mayi anga.

Atsikana atsopano akabwera kudzayamba ntchito kuno, ndikamawamva akuuza makolo awo pa foni kuti ndi usiku umodzi wokha, sindiwadula pakamwa. Koma tikakhala awiri ndimawauza kuti awerengere masiku awiri, ndiponso kuti asunge ndalama ya tikiti pamalo pomwe sangaikhudze ngakhale zitavuta bwanji. Ena amamva. Ena amandiyang'ana mmene ine ndinawayang'anira bambo pa khonde paja.

Ine ndinasiya kusunga masiku a tchuthi kudikira Disembala kapena kudikira zovuta. Ndimapita chaka chilichonse m'miyezi yomwe matikiti amatsika, ngakhale kwa masiku 10 okha, ndipo sindikhalitsa m'tauni. Ndimakakhala pa khonde, kusenda chinangwa ndi mayi, kumvetsera nkhani zomwezomwezo za anthu omwe ena sindikuwakumbuka.

Ulendo wapitawu mayi anandifunsa okha, tikutongola chimanga. Anati, "Paja munkati ndi maola angati?" Ndinati 42, zikayenda bwino. Anawerengetsa ndi zala, milomo ikuyenda. "Ndiye kuti mausiku awiri," anatero. "Chabwino. Ine za firiji sindikana ngati bambo anu. Ndawauza kale achemwali anu kuti akadzandisungitse kuboma, mudzandipeze. Koma mukadzakhala m'njira musadzathamange mtima. Mudzadye, mudzagone m'ndegemo."

Tili mkati molankhula choncho, bambo aang'ono anatulukira kuchokera ku msonkhano wa kumpingo, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Kumapazi kunali nsapato zofiirira zija. Zimawakulira pang'ono, ndiye kutsogolo kwake amaikako nyuzipepala yopindapinda. Anakhala pa mpando wa ndalema, anazivula, anazipukuta fumbi ndi kansalu ka m'thumba, n'kuziika pamthunzi.